Kapu ya Amayi Ako M'katondo

Chiparamba, Lachinayi masana

Tikambenji mwana wanga,

Ndikulemba ndili pakhonde, dzuwa lili paliwombo, nyenje zikulira mumtengo wa mango uja. Kalatayi ndimupatsa kondakitala wa minibasi ya madzulo kuti akaisiye kwa azakhali ako ku Kapata, kumene wakhala chichokereni pano utakwiya. Foni yanga sukuyankha. Sindikukudzudzula, mtima woumawo unatengera ine, ndipo mudzi wonse ungachitire umboni. Mawa ukwera basi ya ku Lusaka, kenako upitirira ku Kitwe kukaphunzira za miyala ndi migodi. Ndine wonyada, mama, wonyada moti anthu kutchalitchi ayamba kundithawa ndikangoti "mwana wanga". Koma usanakwere basiyo, werenga kalatayi mpaka kumapeto.

Loweruka amalume ako a Gabiriyele akubwera ndi amisiri kudzamanga chiliza cha amayi ako. Simenti ili kale m'nyumba muno, ndikuiona ndili pano. Iwo akufuna kumanga pa mtumbira wapafupi ndi chitsa chachikulu chija, ine ndakana, chifukwa sindikukhulupirira kuti amene wagona pamenepo ndi Nasitaziya. Iwe unandiuza pamaso pa azakhali ako kuti, "Atate, mwatichititsa manyazi ndi makina anu ofufuzira zitsulowo. Amayi agona zaka zonsezi opanda dzina, inu mukungozungulira pamanda ngati wosaka mbewa." Zinandiwawa, sindibisa. Koma chiliza chikamangidwa sichisuntha. Tikaphonya, ana ako adzagwada pa munthu wina, amayi ako ali pambali pomwepo, ng'ombe zikuwaponda.

Unali wamng'ono pamene manda aja anasokonekera, choncho zina umangozimva mwa apo ndi apo. Chilimwe china anthu ogula zitsulo zakale anazula mitanda yonse, osasiya ndi umodzi womwe. Ootcha makala anagwetsa mitengo imene tinkazindikirira malo, moto wolusa unadutsa, mvula n'kudzasalaza mitumbira. Ife sitilowa kumanda popanda chifukwa, ndiye pamene tinapita kukalambula mu Novembala tinapeza mzere wonse uli mbuu, wopanda dzina ngakhale limodzi. A Mbewe, mkulu wa adzukulu amene anakumba manda a amayi ako, anali atatsikira kale kuli chete. Aliyense wotsala amaloza chitsa chake, ndipo zitsazo n'zambiri.

Chimene ndakhala ndikufunafuna ndi kapu. Amayi ako anali ndi kapu yachitsulo yachikasu, ya mkombero wobiriwira, imene sankabwereka munthu ngakhale ine mwamuna wawo. Makolo athu ankasiya chiwiya cha womwalira pamtumbira atachiboola, koma katekisiti wa nthawi imeneyo ankati zimenezo n'zachikunja. Ine ndinaiboolabe ndi msomali, ndipo anthu akubalalika ndinailowetsa m'dothi lofewa chakumutu, mpaka dzanja langa linamira kufika m'chigongono. Mbale za anzathu zimene zinali pamwamba zinapita limodzi ndi mitanda. Kapu ya amayi ako yokha ndiyo inatsala pansi. Pamene pali kapuyo, ndi pamene pali amayi ako.

Tsono udzafunsa, monga anafunsira amalume ako, kuti makina amene amapeza ndolo yotayika pabwalo la mpira akulephera bwanji kupeza kapu yathunthu. Yankho lake ndi dothi, ndipo ine ndinaliphunzira ndi thukuta.

Nditangogula makinawa, nthawi imene aliyense ankathamangira golide kumapiri a ku Vubwi, ndinapita ndi mnzanga Lungu. Tsiku loyamba lomwelo makina analira mokweza moti Lungu anayamba kusankha mtundu wa galimoto imene adzagule. Tinakumba kuyambira m'mawa mpaka manja kutuluka matuza. Pansi tinapeza mwala wakuda, wolemera, umene unakakamira maginito ngati nkhupakupa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Miyala yotereyi ili ndi chitsulo m'kati mwake, ndipo imakuwa kuposa chinthu chenicheni. Ukafuna kuizindikira, dutsitsa mbale ya makina, ija ya kumapeto kwa ndodo, kuchokera mbali ina, kenako uikweze pang'ono. Mawu a mwala ndi otambalala, alibe poyambira ndi pothera penipeni, ndipo ukangokweza mbale amazimiririka. Mawu a chitsulo ndi aafupi, ndipo amakhala pamalo amodzi ngakhale uwadzere kum'mawa kapena kumadzulo. Usadzakhulupirire chinthu chifukwa chakuwa, Tikambenji. Chidzere mbali ina kaye.

Mtumbira umene amalume ako akuloza umalira ngati mwala wa ku Vubwi uja. Tsiku limene tinayesa, iwo anamva okha, n'kugwa m'maondo, misozi chuchuchu. "Alamu," anatero, "mlongo wanga wayankha." Ndinawamvera chisoni, chifukwa nawonso akulira munthu wawo. Khasu silikhudza mtumbira, ndiye a Sakala, amene tsopano ndi mkulu wa adzukulu, anandilola kupalasa pamwamba ndi manja. Ndinatulutsa mwala wakuda wonga chibakera, ndipo nditauponya kutali mtumbirawo unangoti zii. Amalume ako anadzipukuta kumaso n'kunena kuti, "Mwala kapena ayi, ine chitsachi ndikuchikumbukira. Inu alamu mumakhulupirira mabatire kuposa anthu." A Sakala nawo sanakondwe. Anati, "Manda si munda wa mbatata, bambo. Mudzapalasanso kamodzi kokha, mukaphonya basi." Gwiritsitsa mawu amenewo, ndiwabwerera.

Cholakwa changa chachiwiri chinali chosiyana ndi choyambacho, ndipo ndi chimene chimandiopsa kwambiri. Mlimi wina wa ku Chipangali anandiitana kuti ndimufunire khasu la pulawo limene linathyokera m'munda n'kukwiririka. Munda wake unali wa katondo, dothi lofiira lija limene limakana kuchoka pa chidendene. Nditangoyatsa makina anayamba kulongolola, kutsokomola, kulira paliponse pamene ndadutsa. Mutu unandiwawa. Ndinapotokola batani, kuchepetsa mphamvu mpaka makina anakhala chete, ndipo ndinayenda munda wonse mwamtendere ngati wopita kukadyera ukwati. Ndinamuuza mwini munda kuti mulibe kanthu. Mvula itagwa, ng'ombe yake yolimira inang'ambika chiboda pa khasu lomwelo, pamzere umene ine ndinadutsa ndikuimba mluzu.

Kufiira kwa katondo ndi dzimbiri, mwana wanga. Ndi chitsulo chimene chinasanduka fumbi kalekale. Makina akatumiza mawu awo pansi, dothilo ndilo limayamba kuyankha, lonse nthawi imodzi, ndipo kanthu kako kakang'ono kamamira m'phokosomo monga mmene mawu a mwana amamirira pamsika wa Loweruka. Ndinayesa ndekha kuseri kwa khola. Ndinakwirira kapu yakale mumchenga wa kudambo, makina anaimva ili yakuya kupitirira chigongono. Nditaikwirira m'katondo anayamba kuitaya ili pa chikhatho chimodzi ndi zala pang'ono. Kapu yomweyo, makina omwewo, dzanja lomweli. Ukachepetsanso mphamvu kuti makutu apume, ndiye kuti wadzigonthetsa wekha. Makina akakhala chete m'katondo sizitanthauza kuti pansi palibe kanthu. Aphunzitsi ako adzakupatsa mayina achizungu a zimenezi, uwalembe bwino, koma ukafika pa dothi lachilendo uyambe wakwirira chinthu chimene ukuchidziwa, uone pamene makina ako akuthera kumva.

Tsopano ndikuuze za kumanda, zimene sindinauze munthu.

Makinawa amafuna kuwazoloweza dothi usanayambe ntchito. Umaima pamalo opanda chitsulo, n'kumakweza ndi kutsitsa mbale mpaka kung'ung'udza kwake kutakhazikika. Tsiku loyamba ndinachita zimenezi kunja kwa manda, pa dothi lotuwa la m'mbali mwa njira, poti ndinkaona ngati n'kupanda ulemu kumapopa ndodo pakati pa akufa. Ndinavala mahedifoni n'kulowa. Masana enieni, mphepo kulibe, a Sakala atakhala patali. Nditadutsitsa mbale pa mtumbira woyamba, makina anabuula. Kubuula kwake kunali kwapansipansi, kotalika, ngati munthu wodwala akutembenuka pamphasa. Nditachoka pamtumbirawo anasiya. Pa wachiwiri anabuulanso, wachitatu chimodzimodzi. Ndinapezeka ndikunena Tikuoneni Mariya osadziwa kuti ndayamba liti.

Nditafika kunyumba ndi pamene mutu unayamba kugwira ntchito. Pamwamba pa manda athu pali dothi lotuwa, koma pansi pake pali katondo. Adzukulu akamakumba amatulutsa katondoyo, ndipo pokwirira amathera pamwamba. Ine ndinali nditazoloweza makina dothi lotuwa, ndiye paliponse pamene munthu anakumbapo dzenje, makina ankadandaula. Palibe mzimu umene unabuula, linali dothi chabe. Ndinaseka ndekha n'kudzitcha chitsiru.

Kusekako sikunakhalitse. M'mawa mwake ndikubwerera, ndinaiwala kuzimitsa makina potuluka, ndipo anabuula kunja kwa manda. Anabuula pa njira yeniyeni, ija amadutsa amayi popita kumadimba, imene iwe unkathamangapo wopanda nsapato. Ndinatsata mawuwo pang'onopang'ono n'kulemba malire ake ndi phazi. Anali manda, aatali ngati munthu, mutu ndi miyendo molunjika ndi ena onse a m'kati. Pambali pake panali ena, ndipo angapo anali aafupi kwambiri, osafika ngakhale kutalika kwa mkono wanga. Pamwamba palibe mtumbira, palibe chitsa, palibe wowakumbukira. Nawonso anali ndi amuna awo ndi ana awo amene anati tidzamanga chaka chamawa. Ndinavula chipewa pakati pa njira, mayi wina wosenza ndiwo n'kundilambalala akundiyang'ana ngati wamisala. Kuyambira tsikulo ndimadzera kuthengo, ndipo ndikamaona njinga zikudutsa pamenepo mumtima mumandiwawa. Ukandiona ndikuuma khosi pa nkhani ya amayi ako, ndi chifukwa ndinaona kumene munthu wopanda dzina amathera.

M'kati mwa mandamo munali malo amodzi amene ndinkawathawa. Ali chakumunsi kwa mzere, potitimira, pamene pamera nsenjere. Pamenepo makina sankangobuula, ankachita kukuwa ndi kunjenjemera moti ndinkavula mahedifoni. Ndinkangoti ndi dothi loipa, ndipite patsogolo. Chilimwe chonse ndakhala ndikulumpha malo amenewo, ine yemwe ndakuuza za ng'ombe ya ku Chipangali. Munthu saphunzira kamodzi.

Chimene chinandibweza ndi nsapato zako. Lolemba ndikusuntha katundu kuti simenti ipeze malo, ndinapeza tinsapato tako toyera ta pa maliro, timene azakhali ako anachapa n'kulephera. Mpaka lero n'tofiira. Nditatigwira ndinakumbukira mawu a Mbewe tsiku lija. Anati, "Mayi uyu anatiphikira thobwa pa maliro onse a m'mudzi muno, timukumbira nyumba yakuya." Anakumbadi mpaka wokumba samaoneka mutu, ndipo dothi limene linkatuluka linali lofiira kuposa la manda ena onse, lonyowa, lomata. Linatipaka tonse. Mtumbira wa amayi ako ndiwo unali wofiira kwambiri pamzere wonse. Ndiye kuti pamene makina amasokonezeka koposa, pamene amagontha koposa, ndi pamene ndinayenera kuyambira. Ulemu wa adzukulu ndi umene unawabisa.

Dzulo ndinalawira nthaka isanatenthe, chifukwa katondo akapsa ndi dzuwa amalongolola kwambiri. Ndinachotsa mbale yaikulu n'kuika yaing'ono, imene imaona dothi lochepa nthawi imodzi. Ndinapempha a Sakala, ndinapepesanso kwa wogona pamenepo, kaya ndi ndani, ndipo ndinazoloweza makina pa dothi la mtumbira wa m'nsenjere womwewo, chakumiyendo. Phokoso linatsika koma silinathe, ndipo sindinalichepetse. Ndinayenda ngati birimankhwe. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Nditafika chakumutu, pansi pa kung'ung'udza konse kuja, ndinamva kanthu. Kanali kakang'ono ngati kulira kwa udzudzu uli kuchipinda china. Ndinakadzera kum'mawa, kanalipo. Ndinakadzera kumpoto, kanalipo pomwepo, kakafupi, kosasuntha. Ndinakhala pansi m'nsenjeremo.

Ukanakhala iwe ukanapalasa nthawi yomweyo, ndikukudziwa. Ine sindinapalase, ndipo chifukwa chake ndi ichi. Kuyambira chaka chatha makutu anga ayamba kuimba okha. Zaka zonsezi za mahedifoni zandisiyira kamluzu kakang'ono m'mutu, kamene kamabwera nthawi imene kafuna, pa Misa, pakudya, pena ndikupalasa njinga. Sindinakuuze poopa kuti ungasiye sukulu n'kumandiperekeza kuchipatala. Dzulo nditafika kunyumba ndinachotsa mabatire, ndinapachika makina kukhoma, n'kukhala pampando uwu. Kanthu kaja ndinakamvanso. Kofanana ndendende, kakafupi, kobwerezabwereza, m'nyumba mopanda makina oyaka. Ndinayang'ana pakhomo la kuchipinda, sindikudziwa kuti ndinkayembekezera kuona ndani. Tsopano sindikudziwa ngati kumanda ndinamva kapu, kapena ndinamva mutu wanga, kapena mtima wanga umene ukufunitsitsa kuti pakhale pamenepo.

Tili kumanda kuja ndinawapatsa a Sakala mahedifoni kuti amve. Anabisa manja kumbuyo n'kunena kuti, "Ine akufa ndimawakumbira, sindiwamvetsera." Amalume ako sindingawapemphe, anamva kale mlongo wawo mumwala. Kupalasa kwatsala kamodzi kokha. Ndikapalasa pamenepo n'kupeza dothi lokhalokha, pakamwa panga patsekeka, ndipo Loweruka chiliza chikwera pa chitsa cha amalume ako.

Iwe uli ndi makutu a amayi ako. Pa holide ija unkanditsatira kuminda ya anthu, unkasiyanitsa msomali ndi chitsekero cha botolo ine ndisanaime n'komwe, n'kumandiseka kuti ndakalamba. Unkanena zoona. Makutu amenewo uwasamale ku Kitwe. Kumeneko anthu okuwa ndi ambiri, ena ovala bwino, ena onyamula Baibulo, ndipo wina adzakuuza kuti sanaonepo mkazi ngati iwe. Umudzere mbali ina, umukweze pang'ono, uone ngati mawu ake atsala. Dothi la kumeneko si la kuno, ndiye usafike ndi muyeso wa ku Chiparamba n'kumaweruza aliyense. Khala kaye, umve mmene malowo amang'ung'udzira, kenako udzadziwa chimene chili chachilendo. Ndipo chinthu chikamakusowetsa mtendere, kaya ndi phunziro lovuta, kaya ndi mnzako wodwala, kaya ndi atate ako ouma mutu, usachizimitse kuti upume. Pamalo pamene ukufuna kulumpha ndi pamene uyenera kuyenda pang'onopang'ono. Nsapato zako zatsopano usabwereke munthu, ndipo Lamulungu uzipita ku Misa ngakhale kwaya yake ikhale yoipa.

Pempho langa ndi limodzi. Mabasi a ku Lusaka satha, ukaphonya ya mawa ukwera ya mkuja, ndipo sukulu sikuthawa chifukwa cha tsiku limodzi. Kwera minibasi yoyamba yobwera kuno, utsikire panjira ya kumadimba. Usadzere panjira yeniyeniyo, dzera kuthengo chakumanzere, ndakuuza chifukwa chake. A Sakala avomera kubwera, ndipo anena kuti mwana wa malemu akhoza kulowa. Ine ndidzazoloweza makina, ndidzakuonetsa mzere wonse, koma sindidzakulozera malo ake, kuti ungamve chifukwa chondimvera chisoni. Udzayenda wekha.

Ukapanda kumva kanthu, undiuze mosabisa. Ndidzatseka pakamwa, ndipo Loweruka thumba loyamba la simenti ndidzasenza ndine kupita nalo pa chitsa cha amalume ako. Koma ukaima pamene ine ndinaima, tidzapalasa tonse awiri ndi manja, ndipo ukaona chikasu ndi mkombero wobiriwira udzakhala woyamba kuigwira. Ndikuopa, mwana wanga. Ndikuopa kuti upita, makutu anga atsekeka, mvula igwa, nsenjere zikula, ndipo tsiku lina njira ya kumadimba idzakhotera pamenepo.

Ukakhala kuti sunabwere, pita bwino, Mulungu akutsogolere, ndipo dziwa kuti pakhomo pano sipadzatsekedwa. Koma mawa dzuwa likamatuluka ine ndidzakhala nditaima polowera kumanda, mahedifoni ali m'manja. Amayi ako sankakuwa poitana mwana, iwe ukudziwa. Ankatchula dzina kamodzi, motsitsa, ndipo unkawamva uli kuchitsime. Bwera udzandiuze ngati ndi iwo.

Ndine atate ako,
Filipo